Amati Ndinafufuta Malemu Mkazi Wake

1

Banja langa linatha chifukwa cha chimbale. Panalibe chibwenzi, panalibe mowa, ndipo palibe amene anamenya mnzake. Chinali chimbale chimodzi cha kanema, cha mtundu uja umafufutika n'kulembedwanso, wonga zimene kuntchito kwathu timangoziunjika m'katoni.

Ndimagwira ntchito m'kashopu kotaipa makalata, kutsuka zithunzi ndi kubena zimbale. Kubena ndi mawu athu a pantchito, kutanthauza kulemba nyimbo kapena kanema pachimbale. Anthu ambiri anathamangira ku mafulashi, koma makwaya, achikulire ndi maofesi ena ouma mutu akadali nafe. Munthu akabwera akudandaula kuti chimbale chikukana kulemba, ine ndimadziwa poyambira. Ndimachipukuta, ndimaona ngati chadzaza kapena chinatsekedwa kuti asalembeponso, kenako ndimachepetsa liwiro lolembera. Ndinkadzitama nalo luso limeneli, osadziwa kuti ndi lomwelo lidzandipachike.

Ndinakwatiwa ndi bambo wamasiye, woyendetsa basi, munthu wofatsa mpaka nthawi zina kukwiyitsa. Mkazi wake woyamba anagundidwa ndi galimoto akupita kukatenga mwana kusukulu. Mwanayo ndi mtsikana, mmodzi yekhayo, ndipo onse amamutchula Kanjiwa chifukwa ali wakhanda ankalira motsitsa. Pamaliro, munthu wina wapakamwa anati, "Akanapanda kukatenga kamwanaka bwenzi ali moyo." Kanjiwa anamva. Anakhala pafupifupi chaka osalankhula, akudya mochita kukakamizidwa, bambo ake akugona pakhomo pa chipinda chake poopa kuti angadzichite choipa.

Ine ndinalowa m'nyumbamo iye atayamba kale sekondale. Mwano sanandichitepo. Ankangondidutsa ngati mpando, ndipo akafuna kanthu ankati "anti", maso ali pansi. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tsiku lina adzafewa.

M'kabati ya pabalaza, kuseri kwa makapu a alendo, munali kabokosi ka chimbale chija. Mnzawo wina anajambula malemu pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Kanjiwa, akuseka, akuimba, akumuluka mwana tsitsi. Kamera inabedwa kalekale, wojambulayo anasamukira kutali. Mawu a malemu anatsala pachimbale chimenecho basi, ndipo banja linkaonera kamodzi pachaka, tsiku limene anamwalira.

Nditachiona koyamba, maso anga anagwera pa zilembo ziwiri zija, RW.

"Bambo a Kanjiwa, chimbale ichi n'chofufutika," ndinatero. "Ndipatseni ndikakopere pena, mawa chibwera."

Tsoka ilo, alamu anga anali pomwepo. Ndi achemwali ake a mwamuna wanga, mayi amene amalowa m'nyumba ya eni n'kuyamba kuvundukula mapoto.

"Nyumba yake mwatenga, bedi lake mwatenga," anatero akumwetulira. "Mukufunanso mawu ake, mulamu?"

Mwamuna wanga anandilanda kabokosiko mofatsa.

"Chisiye. Chimenechi sichituluka m'nyumba muno."

Ndinachisiya, ndipo nkhaniyo sindinaiyambitsenso.

2

Chaka chino tsiku la malemu linagwa Lamlungu. Masana alamu anafika ndi abale ena, onse n'kudzaza pabalaza. Ine, monga mwa nthawi zonse, ndinali kukhitchini ndikuphika tiyi, chifukwa mkazi wachiwiri pa tsiku lotere sadziwa poika nkhope.

Ndinamva makina oonetsera zimbale akulira, kenako zii. Analiranso, ziinso. Nditasuzumira ndinaona sikirini ili buluu, mwamuna wanga akupukuta chimbale pamalaya.

"Musapukute mozunguliza choncho, muchikanda," ndinatero ndisanaganize.

Onse anatembenuka.

"Bwerani, akatswiri," anatero alamu. "Tithandizeni."

Ndinatenga laputopu yanga, kompyuta yokhayo m'nyumbamo, n'kuikamo chimbale. Chinazungulira nthawi yaitali. Kenako kompyuta inanena kuti sikupezamo kanthu. Ndinachitulutsa n'kuchiunika pazenera: chinalibe chikande ngakhale chimodzi.

"Chawonongeka ndi kukalamba?" anafunsa mwamuna wanga. Mawu ake ankachita kupempha kuti ndivomere.

Owerenga, apa munthu wanzeru akanati eya, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinayankha ngati ndili pantchito.

"Sindikuganiza choncho. Chikuoneka ngati chafufutidwa."

"Chimafufutika chokha?" anafunsa alamu.

"Ayi. Pamafunika kuti wina achiike mu kompyuta."

"Oho. Nanga kompyuta m'nyumba muno ndi ya ndani? Wodziwa zofufuta zimbale ndani? Amene ankachifuna chaka chija ndani?"

Kanjiwa anaimirira n'kuthamangira kuchipinda chake. Tinamva loko akulira.

Ndinalumbira, ndinalira, ndinatchula Mulungu. Mwamuna wanga sanakalipe. Anabweza chimbale m'kabokosi n'kundipatsa m'manja.

"Paja munkachifuna, tengani," anatero. "Mukabweze mkazi wanga."

Chikwatiranireni ankanditchula kuti iwe. Tsiku limenelo ndinasanduka inu, ndipo mkazi wake anali wina.

3

Kuseri kwa shopu yathu kuli kachipinda kopanda zenera, kodzaza ndi makompyuta ofa. M'menemo mumakhala mkulu wokonza makina amene timamutcha Adokotala. Amalankhula ndi makompyuta mwaulemu kuposa mmene amalankhulira ndi anthu.

Ndinawafotokozera zonse. Anachiyesa mu kompyuta yoyamba, chinakana. Yachiwiri, chinakananso. Anatsuka kagalasi ka makina, anasintha chingwe, kenako anafukula pansi pa tebulo makina akale owerengera zimbale, afumbi okhaokha.

"Agogo awa ndi amene samva zonena za achinyamata," anatero akuwapukuta. "Achemwali, kufufuta kulipo kuwiri, mukudziwa kale."

Ndinkadziwa. Kufufuta kwachangu kumangochotsa kalozera wa kumayambiriro, kompyuta n'kumaganiza kuti chimbale n'chatsopano, pamene zinthu zikadali momwemo. Kufufuta kwathunthu ndiye kumasesa chilichonse.

"Ichi anachifufuta mwachangu," anatero atayang'ana pa sikirini kwa kanthawi.

Ndinakhala pakatoni, misozi ili chuchuchu. Ndinadziona kale ndikulowa m'nyumba ndi mawu a malemu m'manja, alamu akusowa poyang'ana.

"Musayambe kuvina," anatero Adokotala. "Atafufuta anayamba kulembapo china. Kulembako sikunathe, kunafera panjira, n'chifukwa chake chikuoneka chopanda kanthu. Funso ndi lakuti kunafika pati. Kanema wa malemu anali wautali bwanji?"

"Wamfupi. Sankafika theka la ola."

Anapukusa mutu. Chimbale chimalembedwa kuyambira pakati kupita kumphepete. Kanema wamfupi wa kamera yakale amakhala pakati pomwepo, pamene chatsopano chimayambira kupondereza.

"Ndipatseni masiku. Pulogalamu yokumbira imayenda ngati nkhono. Koma musalonjeze kanthu kunyumba."

Ndinakalonjeza madzulo omwewo.

4

Alamu anabwera ndi chikwama, akuti adzasamale mwana. Analanda khitchini. Ndikaphika, chakudya changa chinkabwerera m'mbale chosakhudzidwa. Anthu a mumsewu mwathu anayamba kundilonjera mokweza kwambiri, moni uja wa anthu amene amangokukambani kumene.

Kanjiwa anasiyanso kulankhula. Kusukulu ankapita, koma akabwera ankadzitsekera, mbale n'kumaunjikana pakhomo pake. M'mawa wina ndinapeza mwamuna wanga atakhala pansi pakhomo pomwepo, yunifolomu ya ntchito ili m'thupi, mutu atatsamira chitseko.

"Zayambiranso," anatero osandiyang'ana. "Ndi mmene zinayambira nthawi ija."

"Adokotala akuyesetsa."

"Mungondiuza zoona. Nsanje ndi ya munthu aliyense, ndingamvetse. Chikundipweteka ndi kugona ndi munthu amene sindikumudziwa."

"Sindinachigwire chimbale chija, bambo a Kanjiwa."

"Ndiye ndani? Ine sindidziwa n'poyatsira pomwe. Achemwali foni yawo imawavuta."

Kunena zoona, ndinkawaganizira alamu. Ndinkati anachitengera kwa wina kuti andipachike mlandu, ndipo ndinkangodikira umboni kuti ndiwayalutse pamaso pa abale onse. Mtima wanga unali wodzaza ndi chidani, sindibisa.

5

Lachinayi masana Adokotala anandikodola, n'kutseka chitseko cha kachipinda kawo.

"Za malemu iwalani," anatero. "Chatsopano chinadutsa pamwamba pake ponse, n'kupitirira. Palibe angachibweze, kaya kuno kaya kunja. Akanasiya atangofufuta, bwenzi tapulumutsa zonse."

Madzi akatayika saoleka.

"Koma chimene ankalembacho ndachitola, chidutswa chake. Ndaona chiyambi chokha n'kuimitsa. Si nkhani yanga."

Anatuluka n'kundisiya ndekha. Ndinadina.

Chinaoneka chipinda chathu chodyera, makatani amene ndinasoka ndekha. Pampando, pamaso pa kamera ya laputopu yanga, panali Kanjiwa atavala yunifolomu. Ankamwetulira. Ine ndinali ndisanaonepo mano ake onse.

"Amayi, ndine. Mwandizindikira? Ndakula. Ndati ndidziike pachimbale chanu, kuti adadi akaonera chaka chino atipeze tili limodzi. Ndiwadabwitsa." Anaseka, n'kupukuta mphuno ndi dzanja. Anawauza za mayeso, za mnzake amene anakangana naye, za tsitsi limene tsopano amaluka yekha. Kenako anayang'ana kukhomo n'kutsitsa mawu. "Anti aja musawade. Amandisitira yunifolomu, amaganiza kuti sindidziwa. Sindinawatchulepo amayi, musade nkhawa. Koma ndikuganiza kuti mukanagwirizana nawo."

Anapitiriza pang'ono za sukulu, kenako nkhope yake inasweka m'timabokosi, mawu n'kuduka.

Pamenepo ndinakumbukira. Miyezi ingapo m'mbuyomo, ndikutsuka mbale, Kanjiwa anaima pakhomo la khitchini. Ndinali nditamulola kuti azigwiritsa ntchito laputopu pa za kusukulu.

"Anti, chimbale chikamakana kulemba kumayambiriro kwenikweni, munthu amatani?"

Linali funso loyamba limene anandifunsapo. Ndinasangalala ngati mwana wopatsidwa switi. Ndinamuuza kuti zimbale zakale sizifuna kuthamangitsidwa, achepetse liwiro mpaka pansi, chidzayenda. Ndinaganiza kuti n'cha kusukulu.

Chinayendadi. Pulogalamu yobenera ikapeza chimbale chofufutika chili ndi zinthu, imafunsa m'Chingerezi chaulemu ngati ichikonze kaye, ndipo mwana aliyense amadina povomera. Ulendo woyamba chinafufutidwa mwachangu n'kukana kulemba, mayi ake akadali momwemo, otheka kuwapulumutsa. Ulendo wachiwiri, pa liwiro limene ndinamuuza ine, chinalemba bwinobwino pamwamba pa mayi ake mpaka chinafera panjira. Mwanayo anachibweza m'kabati akuganiza kuti popeza chakana, palibe chasintha.

Umboni umene ndinkaufuna unali m'manja mwanga. Ndikanangouonetsa, banja langa likanabwerera, alamu akanalongedza chikwama. Koma ukanamuuzanso mwana amene amakhulupirira kale kuti anapha mayi ake, kuti wawaphanso kachiwiri.

Mudzati bwanji osauza mwamuna yekha. Ndinaganizapo. Mwamuna wanga sadziwa kubisa nkhani pankhope. Akanamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha ndi chisoni chija, mwanayo akanadziwa. Ndiponso chimene iye wamva m'mawa, achemwali ake amachimva masana, msewu wonse madzulo.

Ndinapita kunyumba ndisanasankhe chochita, ndipo sindinanene kanthu kwa aliyense.

6

Tsiku lotsatira, ndikutaipa kalata ya kasitomala, ndinaona yunifolomu pakhomo la shopu. Kanjiwa anali asanabwerepo kuntchito kwanga. Anali ataonda, maso atalowa. Anadikira mpaka kasitomala atatuluka.

"Anti."

Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu amene sanawagwiritse ntchito kwa nthawi.

"Khala pansi, mwanangu."

Sanakhale. Anagwira mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri.

"Ndikufunsira mnzanga. Chimbale chikakana kulemba, zimene zinalimo kale zingachoke?"

Ndinayang'ana zala zake. Zikhadabo anali atazidya mpaka kutuluka magazi. Sanabwere kudzafunsira mnzake. Anabwera kudzamva chigamulo chake kwa munthu yekhayo amene ankamukhulupirira pa nkhani ya zimbale.

"Ayi," ndinatero. "Chikakana, chakana basi. Sichichotsa kanthu."

"Ngakhale kompyuta itafunsa kanthu, munthu n'kuvomera?"

"Kompyuta imafunsa zambirimbiri. Kufufuta kumafuna pulogalamu ina, imene ili kuno kuntchito kokha. Pa laputopu ija palibe."

Ndinamuona akupuma. Mapewa anatsika, mpweya unatuluka wautali, ndipo nkhope inayamba kubwerera mwakale ndikuona. Kenako nzeru zake zinapita kumene ndinkadziwa kuti zipita.

"Kuno kokha?"

"Eya."

"Ndiye kuti ndinudi."

"Ndinachitenga mobisa kuti ndikakopere. Ndinalakwitsa podina."

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chilowereni m'nyumba mwawo.

"Inu simulakwitsa zimbale, anti. Mumanena nokha."

Analira pomwepo pakauntala, kulira kokweza kwa munthu wolakwiridwa, kumene kumatuluka n'kutha. Ananditchula mayina amene sindilemba pano. Potuluka anamenyetsa chitseko, ndipo ndinamuona akugula chakudya pakagolosale ka kutsidya, n'kumadya akuyenda.

Ndinalowa kwa Adokotala n'kuwapempha chimbale.

"Mukufuna mutani nacho?"

"Kufufuta kwathunthu. Ndi chidutswa chija chomwe, muchichotse mu kompyuta yanu."

"Achemwali, ndi mboni yanu yokhayo imeneyi. Sungani ngakhale pafulashi. Mwana adzakula, zinthu zimasintha."

"Chosungidwa chimapezeka. Alamu anga amafufuza mpaka m'masokosi."

Anang'ung'udza, koma anandipatsa mpando. Ndisanadine ndinabweza kanema uja pa malo amodzi aja, n'kumva kawiri: ndikuganiza kuti mukanagwirizana nawo. Kenako ndinadina ndekha. Kufufuta kwathunthu kumachedwa, ndipo ndinakhala pomwepo ndikuyang'ana kamzere kakuyenda mpaka kanafika kumapeto.

Choncho madzulo amenewo, pamene ndinaika kabokosi patebulo pamaso pa mwamuna wanga ndi alamu n'kunena kuti ndinafufuta ndine, mawuwo anatuluka osavuta.

"Mwamva nokha, achimwene," anatero alamu. "Ine ndikamanena mumati ndine wankhanza."

Mwamuna wanga anatsegula kabokosi, n'kuyang'ana nkhope yake pachimbale chopanda kanthu.

"Ndinakuuzani kuti muchisiye," anatero. "Kaya mwadala kaya mwangozi, ndinakuuzani. Sindikukuthamangitsani. Koma mwanayu sangakhale nanu denga limodzi, ndipo ine ndikakuonani ndimangoona sikirini ya buluu ija."

Ndinalongedza m'mawa mwake. Yunifolomu ya Kanjiwa ndinaisita komaliza n'kuikoleka pa chitseko chake. Ndikutuluka ndinaipeza ataiponya pansi.

7

Tsopano ndimakhala m'kachipinda kalendi pafupi ndi ntchito. Basi ya mwamuna wanga imadutsa pamaso pa shopu, ndipo kale ankaliza hutala kawiri akafika pamenepo. Masiku ano imangodutsa, koma ine mutu umadzukabe wokha. Ndimamukondabe, ndipo zimandichititsa manyazi kuti ndikudikirabe hutala.

Kanjiwa ndimamva kuti akudya, akulankhula, mayeso anakhoza bwino. Ndinamuonapo kumsika akuseka ndi anzake, mano onse pamtunda. Atandiona anawolokera tsidya lina la msewu, anzakewo n'kutembenuka kuti aone mfiti imene anawauza. Amadana nane ndi mtima wonse, ndipo chidani chimenecho ndi chimene chikumudyetsa. Sindingamulande.

Adokotala amati ndine chitsiru. Mwina akunena zoona, chifukwa palibe tsiku limene zidzaululike kuti anthu adzandipepese. Umboni ndinaupha ndekha, ndipo ngakhale nditalankhula lero, ndani angakhulupirire mkazi amene anavomera kale ndi pakamwa pake?

Inu owerenga, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ngati muli ndi mawu a munthu amene anapita, musawasunge malo amodzi, ngakhale achibale akalipe chotani. Ndipo wina akakufunsani chifukwa chimene chimbale chikukanira kulemba, yambani mwafunsa kuti mulinji m'menemo. Ine tsopano ndimafunsa aliyense, mpaka makasitomala amaseka kuti ndasanduka wapolisi. Nthawi zina chimbale chikamakana chimakhala chikuteteza kanthu.

Ena mwa inu mudzati choonadi chimamasula, ndikanangonena. Munene mutaona zala za mwana uja pakauntala. Ine ndinaziona, ndipo mpaka lero sindinapeze yankho lina limene ndikanamupatsa.

Mayina ndawasiya dala, ndipo zina ndasintha. Koma ngati pali mtsikana wina amene wawerenga mpaka pano mtima ukugunda, ndikuti kwa iye: si iwe, mwanangu. Zimbale zotere zilipo zambiri, ana amasiye aliponso ambiri. Zako zinafufutidwa ndi anti ako aja, monga anakuuzira. Tseka magaziniyi, ukadye.